Dzenje pa Phazi la Kabwana

1. Digiri ya mapoto

Chipinda cha ophunzira za kadyedwe chinali pamwamba penipeni, pomwe masitepe amathera. Aliyense wolowa mmenemo anali ndi digiri imodzi kale, ndipo anabwera kudzafuna ina. Munali tebulo lalitali, mipando yosafanana, kabati yodzaza masikelo, ndi firiji yolira ngati yadwala chifuwa. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wonenepa akuseka. Ntchentche zinali zitamudetsa pamphumi, koma palibe anaganizapo zomupukuta.

Tsiku loyamba, Apulofesa analamula kuti aliyense aimirire, anene zomwe anaphunzira kale ndi zomwe akufuna kufufuza.

Anayamba mnyamata wa magalasi. Anati iye anachita kemisitili, ndipo akufuna kudziwa chomwe chimachepetsa magazi mwa atsikana a sukulu. Dzuwa lisanafike pamutu anali atatchedwa kale Mabotolo, chifukwa a kemisitili sasiyana ndi timabotolo.

Kenaka anaimirira mayi wa imvi m'mbali mwa mutu.

"Ine ndine namwino. Ndakalambira mu wodi ya ana. Ndatopa kuwalandira atatupa kale. Ndikufuna kudziwa chimene chimawachedwetsa kunyumba."

Wachitatu sanaimirire n'komwe, anangotembenuza mpando. Ameneyu anali mkulu wa ophunzira onse, wofuna digiri yapamwamba kwambiri, ndipo ankamutcha Wamasamu.

"Ine ndinachokera ku masamu. Ndipatseni manambala, ndikuuzani mwana amene akule ndi amene apinimbire, osamuona n'komwe."

Womaliza anali mtsikana wochepa thupi, wa nsapato zopukutidwa bwino koma zotha chidendene.

"Ine ndinachita zauphunzitsi," anatero. "Ndakhala ndikuphunzitsa ana a sekondale kuphika ndi kusamala pakhomo. Ndikufuna kufufuza zomwe mwana amadya akangosiya bere."

"Ohoo, digiri ya mapoto!" anatero Wamasamu. "Basi, tiyi wathu wapeza mwini wake."

Anthu anaseka. Tamvani zimenezo! Anthu ophunzira za chakudya kumaseka poto, ngati iwo m'mawa uja anadya zotuluka m'kompyuta. Mtsikanayo anakhala pansi makutu akutentha, ndipo dzina linamumatirira pomwepo: Mapoto.

Pa nthawi ya tiyi, Anamwino anamukokera kumapeto kwa tebulo.

"Bwera kuno, mng'ono wanga, asiye aseke. Iwe ukupita m'makomo, ndiye ndikupatse chida chomwe mulibe m'kabati umo."

Anatenga banzi n'kulidina ndi chala chachikulu. Banzilo linabwerera. Anadinanso majarini amene anali pambale. Panatsala kadzenje.

"Waona? Phazi la mwana wabwinobwino lili ngati banzi ili, ukalidina limabwerera. Koma ukadina pamwamba pa mapazi onse awiri, n'kukhazika zala kanthawi, pochotsa kadzenje n'kutsala ngati pa majarinipa, dziwa kuti m'thupimo mwadzaza madzi. Ameneyo sananenepe ayi, watupa, chifukwa chakudya chakhala chikumuperewera kwa nthawi yaitali. Amake akhoza kumanyadira masaya, aneba n'kumayamikira, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wotere sagona kunyumba. Sunena kuti tione mawa. Sumuphikira zonona kuti achire. Sudikira kuti bambo ake abwere kaye. Umanyamula n'kuthamanga naye kuchipatala. Ine manja angawa afunditsa nsalu kumaso ana ambiri amene anachedwa ndi usiku umodzi wokha. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Idya banzilo. M'manja ndinasamba."

2. Mukhale ngati mpando

Patapita milungu ingapo, nthawi yopita m'makomo inakwana. Kafukufukuyo anali wa Wamasamu. Ankafuna kudziwa ngati ana a m'nyumba za lendi amadya zokwanira. Ophunzira atsopano ankamuthandiza, ndipo malipiro awo anali akuti aliyense adzatapako zopezekazo n'kulembera kafukufuku wake. Wopereka nyumba zokayezamo anali Wamasamu, wolanda nyumba anali yemweyo. Wopanda nyumba analibe choti alembe, ndipo wopanda cholemba analibe digiri.

Asananyamuke, Apulofesa anawasonkhanitsa.

"Ana anga, mukupita m'nyumba za eni. Simukupita ngati aphunzitsi, kapena ngati achibale obwera ndi thumba pamutu. Mukupita ngati maso. Mbale ya mwana muziiyeza asanadye, muziiyezanso akasiya. Chogwera pansi muzitola n'kuyeza. Musanene kuti, 'Mayi, onjezani mafuta.' Musanene kuti, 'Phalali lachepa.' Musatulutse ngakhale bisiketi m'chikwama mwanu. Mukatero mudzayeza chifundo chanu m'malo mwa chakudya cha pakhomopo, ndipo tidzanamiza anthu kuti ana akukhuta pomwe sakukhuta. Mukhale ngati mpando wa pakona. Nyumba iliyonse tiziiyeza masiku atatu otsatizana. Ikadukiza tsiku limodzi, nyumbayo taitaya. Mukaona chachilendo musachite za m'mutu mwanu, uzani mtsogoleri wanu. Ndi uyu."

Analoza Wamasamu, amene anagwedeza mutu ngati munthu woti zonsezo anazilemba ndi iye.

Aliyense anapatsidwa sikelo yaing'ono yoyezera mbale ndi jasi loyera.

Madzulo ake jasilo linagwera m'manja mwa amalume ake a Mapoto, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Ntchito yawo inali kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Analiyala patebulo, analiwaza madzi ndi zala, n'kuyendetsa simbi pang'onopang'ono ngati akusisita khanda.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba, maso ali pa kolala, "ine ndasita majasi a anthu ophunzira moyo wanga wonse, koma lero n'koyamba kusita la m'nyumba muno. Ndiye undimvere. Pakamwa pako ndimapadziwa, unatengera mayi ako. Kumene wapitako unalowa pomalizira, ndipo wolowa pomalizira ndiye amakhala pafupi ndi chitseko. Akakuseka, seka nawo. Akakutuma, pita. Akuluakulu akalakwitsa, meza malovu, tsiku lako lidzafika. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Anzako aja akachotsedwa ali ndi kolowera. Iwe ukachotsedwa ubwerera muno kudzandikolezera makala a simbi. Usandichititse manyazi."

"Sindidzakuchititsani manyazi, amalume."

"Ndipo usakhale pa chinthu chakuda. Jasi loyera silikhululuka."

3. Kabwana wanenepa

Nyumba yomwe Mapoto anapatsidwa inali chipinda chimodzi pa mdadada wa lendi, kuseri kwa fakitale ya sopo. Katani yong'ambika inagawa chipindacho pawiri: uku bedi, uku mbaula, ndowa ndi mabeseni. Mwini nyumba anali mayi wamng'ono, msinkhu wa Mapoto yemwe. Mwamuna wake ankayenda ndi malole akutali. Mwana wawo anali ndi chaka ndi miyezi, ndipo anasiya bere pomwe mayiyo anapeza ganyu yolongedza sopo. Ganyuyo inatha, bere linali litauma.

Linali Lachiwiri m'mawa. Wamasamu anabwera ndi Mapoto kudzamusonyeza khomo ndi kudzayeza mwanayo thupi, monga ankachitira mwezi uliwonse. Anakoleka sikelo yaikulu pa mtanda wa khonde, analowetsa mwana m'kabudula wa sikelo, n'kuyang'ana muvi. Kenaka anayang'ana nambala ya mwezi watha pa foni yake.

"Eee, wakwera! Mayi, mwagwira ntchito. Mwezi uno kuseri kuno kukuyenda bwino, ana angapo anenepa ngati ameneyu. Lero masana ndikukaonetsa zimenezi kwa alendo amene akubwera kusukulu, Apulofesa akasangalala."

Nthawi yonseyo maso ake anachoka pa muvi kupita pa foni, pa foni kubwerera pa muvi. Mwana wolendewera pakati pa ziwirizo sanamuyang'ane.

Mayiyo anaseka mwamanyazi. "N'chifukwa chake timamuti Kabwana. Taonani masayawo, adokotala, ngati abwana a pa fakitale! Nsapato zomwe zasiya kumukwana."

"Sindine dokotala, asisi," anatero Mapoto. "Ndine wophunzira."

"Choyera n'choyera basi."

Wamasamu anakwera njinga yake yamoto n'kupita. Mapoto anakhala pa kampando pakona, sikelo yaing'ono pamaondo.

Mayiyo anaphika phala. Anaswera dzira momwemo, anatsegula chitini cha mkaka wa ufa, anathira masipuni awiri odzaza. Mapoto anayeza mbaleyo. Linali phala lomwe iye mwini akanalipatsa malikisi onse m'kalasi mwake.

Koma Kabwana anatembenuza mutu. Mayi anamunyengerera, anamuimbira, anayendetsa sipuni m'mwamba ngati ndege. Mwanayo anangolira kulira kotopa, kopanda misozi, n'kutsamira pachifuwa cha amake.

Pomwepo mawu anabwera kudzera pakhoma, kuchokera chipinda cha aneba.

"Amake Kabwana! Alendo anuwo akapita mundibwezere chitini changa cha mkaka, mwana wanga kuno wayamba kundivuta!"

Mayiyo anazyolika. Sipuni inaima m'malere.

"Zimenezo musakanene kusukulu kwanu," ananong'ona. "Munthu sungalandire alendo a zoyera ndi phala la madzi ndi mchere. Masiku ena amadya lomwelo, kapena tiyi ndi kachidutswa ka buledi. Komabe si uyu akunenepa?"

Mapoto anagwetsa maso pa sikelo. Mpando suyankha.

Dzuwa litakwera, mayiyo anatenga ndowa. "Mundigwirireko, ndikatunge madzi pampopi asanatseke."

Anamukhazika mwanayo pamiyendo pa Mapoto, pa jasi loyera lija. Anali wolemera ngati zovala zongochotsedwa m'madzi. Timanja tinali tozizira, pomwe kunja kunali kutentha. Tsitsi linali lapatalipatali, lofiirira, ndipo kuseri kwa mawondo khungu linali kusupuka ngati penti yakale. Mapazi anali onenepa, onyezimira.

Mapoto anayang'ana kuchitseko. Kenaka anagwira mapazi onse awiri, anadina pamwamba pake ndi zala zazikulu, anadikira, n'kuchotsa.

Panatsala madzenje awiri. Anawayang'anitsitsa kuti mwina abwerera. Sanabwerere.

4. Lachisanu

Mayiyo atabwera ndi madzi, Mapoto anamubwezera mwana n'kutuluka ndi foni kuseri kwa nyumba, pomwe ngalande ya thovu la sopo imadutsa. Lamulo linati uzani mtsogoleri, ndipo iye anamuuza.

"Akulu, Kabwana sananenepe. Watupa. Ndadina mapazi onse awiri, madzenje atsala."

"Wadina?" anatero Wamasamu. "Anakutuma kukadina ana a eni ndani? Iwe ntchito yako ndi mbale."

"Zomwe zakwera pa sikelo m'mawa uja ndi madzi. Akufunika kuchipatala lero."

Kenaka mawu ake anabwera ofewa, ngati a munthu wogulitsa nsapato zothina.

"Tamvera, Mapoto. Akapita lero akamugoneka, ndipo nyumbayo yaduka. Ukudziwa kuti zaduka kale zingati? Ena asamuka, ena atithamangitsa. Ikadukanso ina manambala anga sakwana, zaka zanga zonse zapita ndi madzi. Ndipo si zanga zokha, ndi zako zomwe. Maliza masiku atatu. Lachisanu m'mawa ndidzamutenga ndekha pa njinga yanga."

"Lero ndi Lachiwiri, akulu."

"Masiku ndimawadziwa! Mwana wakhala choncho milungu, masiku atatu asintha chiyani?"

"Anamwino anati wotere sagona kunyumba."

"Ndiwe namwino iwe? Ndiwe dokotala? Digiri yako tonse tikuidziwa. Khala pa mpando, yeza mbale. Ukachoka pakhomopo dzuwa lisanalowe, usadzabwerenso kwa ine kudzapempha nyumba. Wamva?"

Foni inadulidwa.

Taonani mmene munthu amaphunzirira mpaka kufika poika mwana wa mnzake pa kalendala! Akanakhala wake, akanati Lachisanu? Bwenzi njinga ija italira mpaka utsi.

Mapoto anaimbira Apulofesa. Anayankha mlembi wawo, kuti ali ndi alendo tsiku lonse ndipo asasokonezedwe. Anaimbira Anamwino. Foni inalira mpaka kutopa, chifukwa iwo akakhala mu wodi foni amaitsekera m'kabati.

Panalibenso woimbira. Anaima pamenepo, thovu likudutsa pafupi ndi nsapato zake zotha chidendene. Pa jasi, pomwe panakhala mwana paja, mizere ya simbi ya amalume inali itakwinyika.

Analowa m'nyumba. Mbale ya phala inali ikadali pa sikelo, yozizira, nambala ikuthwanima. Anachotsa mbaleyo, anazimitsa sikelo, n'kuiika m'chikwama.

5. Bweretsani chala chanu

"Asisi, tengani nsalu mumubereke. Tikupita kuchipatala."

Mayiyo anadzidzimuka. "Kuchipatala kukatani? Abwana anu aja angonena pompano kuti wanenepa!"

"Bweretsani chala chanu."

"Chala?"

Mapoto anagwada, anagwira dzanja la mayiyo, n'kuika chala chake chachikulu pamwamba pa phazi la mwana. "Dinani. Musaope, sizimupweteka. Khazikani pomwepo. Tsopano chotsani. Dinaninso linalo."

Mayiyo anachotsa chala. Anayang'ana madzenje awiri aja. Kenaka anadina phazi lake lomwe, n'kuona likubwerera.

"Mafuta amabwerera, asisi. Awa ndi madzi. Thupi likasowa chakudya nthawi yaitali limatupa chonchi. N'chifukwa chake sakufuna kudya, n'chifukwa chake wazizira manja."

"Mayo ine!" Mayiyo anagwira pakamwa. "Ine kumanyadira! Ine kumamuonetsa kwa anthu pampopi!"

"Simunadziwe. Tsopano mwadziwa. Nsalu ili kuti?"

"Akandikalipira kumeneko, akanena kuti ndimamumana. Ndiponso bambo ake kulibe, ndipita bwanji osawauza?"

"Mukawauza mwanayu ali moyo. Zokalipazo akakalipire ine, ndine ndavala choyera."

Chitseko chinatseguka osagogoda. Anali aneba aja, mayi wojintcha wa thovu m'mikono, amene zonse anazimvera pakhoma.

"Mukudikiranso chiyani, amake Kabwana? Nyamukani! Moto ndizimitsa ine, loko ndikhoma ine. Bambo ake akaimba ndiwalankhula ndine, andidziwa." Anatola chitini cha mkaka n'kuchikankhira m'manja mwa mayiyo. "Tengani ichi, wanga sangafe ndi kulira."

"Chisiyeni, mayi," anatero Mapoto. "Mkaka uwu panopa ukhoza kumupweteka. Kumeneko ali ndi wake wapadera. M'malo mwake tipatseni bulangeti, asazizidwe panjira."

Bulangeti linabwera likuthamanga.

Pa siteji ya minibasi, kondakitala ataona jasi loyera ndi mwana wofunditsidwa, anatsitsa mnyamata wina pa mpando wakutsogolo. "Khalani apa, adokotala. Adalaivala, osaimanso paliponse!"

Ulendo uno Mapoto sanatsutse zoti ndi dokotala.

6. Jasi ndi la kafukufuku

Pa khomo la wodi ya ana anakumana ndi Anamwino, amene ankachitira kafukufuku wawo momwemo. Sanafunse zambiri. Anavundukula bulangeti, anadina mapazi, anagwira timanja, anatsegula chikope. Nkhope yawo inasintha.

"Bedi la pafupi ndi ine," anauza anzawo. "Msanga."

Palibe amene anakalipira mayiyo. Anamufunditsa mwanayo, anamubaya jakisoni, ndipo anayamba kumumwetsa mkaka wina wopyapyala, pang'onopang'ono ngati akumwetsa mwana wa mbalame. Poyamba anakana. Kenaka anameza kamodzi. Anamezanso. Amake anayamba kulira mopanda mawu, chipumi chili pa chitsulo cha bedi.

Anamwino anatulukira m'khonde akupukuta m'manja.

"Usiku wa lero tilimbana nawo," anatero. "Koma wafika pomwe tingathe kumugwira. Mtsogoleri wako akudziwa kuti uli kuno?"

"Anati ndidikire Lachisanu."

"Lachisanu?" Anamwino anasiya kupukuta. "Anatero ndi pakamwa pake? Lachisanu bwenzi tikupita kukapepesa maliro titavala majasi athu omwewa. Andipeze ine!"

Koma asanapitirize anaitanidwanso m'kati.

Sipanatenge nthawi, nsapato zinamveka m'khondemo. Wamasamu anali atadutsa pa nyumba ija kukaona ngati Mapoto wamvera, anapeza loko, ndipo aneba anamuuza zonse, ndi zina zoonjezera zomwe sanapemphe. Anaima patsogolo pa Mapoto, chipewa cha njinga chili m'khwapa.

"Sikelo."

Mapoto anatulutsa sikelo n'kumupatsa.

"Ndi jasi lomwe. Ndi la kafukufuku."

Anthu okhala pa benchi anayamba kuyang'ana. Mapoto anamasula mabatani limodzilimodzi. Analivula, analipinda motsatira mizere ya simbi ya amalume ake, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Ali pa bedi lachiwiri kuchokera pakhomo," anatero. "Lowani mukamuone."

"Ndilibe nthawi. Alendo akundidikira."

"Simunamuonepo chiyambire. Mwakhala mukumukoleka pa mtanda mwezi ndi mwezi ngati nyama ya pa butchala, koma nkhope yake simungaizindikire."

"Pakamwa pamenepo ukakaphunzitsire ana kukazinga mazira. Kuno kwatha."

Anatembenuka kuti azipita. Pomwepo mawu ake a m'mawa aja anabwerera m'makutu mwa Mapoto.

"Akulu! Ana ena aja munati anenepa mwezi uno, munawavula nsapato? Munawadina mapazi?"

Wamasamu anaima, koma sanacheuke.

"Sikelo siinama," anatero, n'kupitiriza.

"Ali m'nyumba ziti? Ndiuzeni nyumba zokhazo!"

Chitseko cha khonde chinamenyeka. Makomo a ana onsewo ankawadziwa ndi Wamasamu yekha.

7. Pafupi ndi chitseko

Mapoto anafika kusukulu dzuwa litapendeka, bulauzi itanyowa ndi thukuta. Anakwera masitepe onse osapuma. Pamwamba anapeza mlembi wa Apulofesa atakhala pa mpando, kulondera khomo.

"Iwe, ukupita kuti? Muli alendo umo. Ndiponso wopanda jasi salowa lero."

Pa chitseko panali kagalasi. Mapoto anasuzumira. Makatani anali otseka, ndipo makina ankawalitsa chithunzi pakhoma, pafupi ndi mwana wa ntchentche uja. Unali mzere wofiira wokwera ngati njira ya kuphiri. Wamasamu anaima pambali pake ndi kandodo, akumwetulira. Alendo a masuti ankagwedeza mitu. Mabotolo ankawathirira tiyi. Jasi lopindidwa bwino lija linali pa firiji, ndipo wina anali ataikapo kapu.

"Bwerera mawa, mwana iwe," ananong'ona mlembi. "Ukalowa pano wadzichotsa wekha."

"Andichotsa kale, mayi."

Anatsegula.

Kuwala kwa m'khonde kunagwera pa mzere uja n'kuufafaniza theka. Mitu yonse inatembenuka. Kandodo ka Wamasamu kanatsika pang'onopang'ono.

Apulofesa anavula magalasi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi.

"Mwana wanga, nthawi ino umayenera kukhala pakona ya nyumba ya eni. Jasi lako lili kuti?"

"Ndikuuzani zonse, Apulofesa, ndipo chilango ndilandira. Koma choyamba muzimitse makinawo, mutipatse galimoto dzuwa lisanalowe. Mwana mmodzi wa pa mzere umenewo ali pa bedi kuchipatala, watupa thupi lonse. Kuseri kwa fakitale kwatsala ena amene palibe anawavula nsapato."

Firiji ija inapitiriza kulira ndi chifuwa chake. Mlendo mmodzi anaika kapu pansi. Apulofesa anapinda magalasi awo, anawaika patebulo, kenaka anatembenukira kwa Wamasamu.

"Ndi ana angati?" anafunsa.